Maliro a Amayi Anga M'filimu ya Eni

Ku keya homu kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Edgbaston, munthu watsopano akabwera amayamba ndi kutsatira mnzake amene anazolowera kale. Timati kuchita shado. Sugwira kanthu wekha, umangoyenda pambuyo pa mnzako kuonerera mmene amasambitsira agogo, mmene amawadzutsira, mmene amawadyetsera. Ndiye m'mawa wina a manijala atandiitana mu ofesi n'kundisonyeza mtsikana woti azindichita shado kwa milungu ingapo, sindinafunse zambiri. Dzulo lake kunali msonkhano wa antchito tonse, koma ine ndinali pa ofu, choncho zimene anafotokoza kumeneko zinandipita.

Anali mtsikana wakuda ngati ine, wamtali, wometa tsitsi lonse. Anati anabadwira ku Wolverhampton, makolo ake anachokera ku Jamaica. Ine chimene ndinayamba kuona ndi zikhadabo zake, zazitali, zopaka utoto wofiira.

"Izi ukawenge lero lomwe," ndinamuuza m'Chingerezi. "Khungu la agogo awa ndi lofewa ngati pepala lonyowa. Udzang'amba munthu."

Anapepesa, n'kukaziwenga nthawi yomweyo. Kuyambira pamenepo ndinkamutuma monga mmene anthu ankanditumira ine ndili watsopano: kukataya za m'makomodi, timipando timene agogo osayenda amadzithandizirapo, kusintha nsalu zonyowa, kukolopa pamene wina wasanza. Sankanyinyirika. Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi maso ake. Ankandiyang'ana kwambiri, ngakhale pamene ndikungomanga apuloni.

Patapita masiku angapo, tili pa buleki, mnzanga wa ku Zambia anandikokera pakona.

"Iwe, umuziba munthu wamene utuma kutaya makomodi uja?"

Ndinati ndi wantchito watsopano. Anaseka mpaka kugwira khoma, kenaka anandiyandikizira foni yake kumaso. Pachithunzipo panali mkazi atavala diresi lalitali lonyezimira, ataima pa kapeti yofiira, kumbuyo kwake gulu la anthu ojambula. Tsitsi linali lambiri, koma nkhope inali yomweyo.

"Ni wa mafilimu uyu. Dziko yonse imuziba, kuchoselako iwe."

Ndinaika kapu ya tiyi pansi. Mnzangayo ankangosuntha zithunzi: apa ali msilikali, apa ali loya, apa wanyamula chikho chimene anapata pa sewero lina la pa siteji ku London. Ine m'mutu munkangobwera mawu anga aja akuti udzang'amba munthu.

Nditabwerera ku ntchito ndinapeza mtsikana uja atanyamula ndowa. Ndinathamanga kukamulanda. Anandiyang'ana n'kuzindikira kuti ndauzidwa.

"Chonde musasinthe," anatero. "Ndinu nokha muno amene mukundiphunzitsa zenizeni."

Anandifotokozera kuti filimu yake yotsatira inali ya mayi wa ku Africa wogwira ntchito ngati yangayi, ndipo sankafuna kunamizira. Kenaka anafunsa ngati ndingamulole kugwiritsa ntchito zimene akuphunzira kwa ine. Ndinaseka. Ndinati tenga zonse, poyala bedi palibe chinsinsi.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ndekha m'chipinda chochita lendi ku Handsworth, m'nyumba ya banja lina la Chimalawi. Mwana wanga wamkazi ndinali nditamusiya kwa amayi anga ku Dedza, kudikira kuti mapepala ake atheke. Amayiwo ankadwala shuga, ndipo sabata imeneyo anali atagonekedwa m'chipatala. Pa shifiti sitiloledwa kukhala ndi foni, koma yanga ndinkaibisa m'thumba la yunifomu, nditaizimitsa mawu.

Panali agogo ena aamuna amene anachita sitiroko, ndipo kumeza kunkawavuta. Kuwadyetsa kunkafuna mtima wodekha. Umawapatsa theka la supuni ya phala, n'kuyang'ana pakhosi mpaka uone kuti lapita, kenaka n'kupereka ina. Ukawasiya pakati ankatseka pakamwa, osatsegulanso mpaka madzulo, pamene mankhwala awo ankafuna kuti m'mimba mukhale kanthu.

M'mawa wina ndinali pakati powadyetsa, mtsikana uja ataima pambali, pamene foni inanjenjemera m'thumba. Inasiya, n'kuyambanso. Ndinaika mbale patebulo n'kuima pakhomo la chipindacho. Anali achimwene anga.

"Achemwali, amayi atisiya."

Ndinamva mawuwo bwinobwino. Kumbuyo kwawo kunkamveka anthu akulira. Pakamwa panga panangotuluka kuti, "Chabwino, ndamva." Ndinadula foni, n'kuibwezera m'thumba.

Ndinabwerera pampando wanga. Agogo aja anali atayasamula kudikira supuni. Ndinawapatsa. Ndinayang'ana pakhosi, phala linapita, ndinawapatsa ina. Ndinawadyetsa mpaka mbale inayera, ndinawapukuta pakamwa, ndinawakonzera pilo. Mbale ija ndinapita nayo kukhitchini n'kuitsuka, ngakhale kuti kuli makina otsukira. Kenaka miyendo inanditengera m'chipinda chochapiramo nsalu. Ndinakhala pansi pakati pa milu ya mashiti akuda, ndinavula nsapato ya kumanzere, sindidziwa chifukwa chake mpaka lero, n'kuikumbatira pachifuwa. Pamenepo m'pamene mawu anatuluka.

"Mayo ine! Amayi anga ine! Mwana mwamusiyira ndani?"

Sindinadziwe kuti mtsikana uja ankanditsatira. Ndinangomva manja akundigwira kumbuyo. Anagwada pansi n'kundikumbatira, ndipo misozi yake inandinyowetsa m'khosi. Ndi iyeyo amene anakauza a manijala, ndi iyeyo amene ananditengera ku Handsworth pa galimoto yake.

Kwathu maliro sadikira wa kutali. Amayi anaikidwa mawa lake, ine ndili kuno. Eni nyumba anatulutsa mipando ya pabalaza, amayi a ku tchalitchi anadzaza pa kapeti, abambo anaima m'khonde ndi panja atavala majekete. Mwambo wa kumanda tinauonera pa foni yoyedzamiritsa pa chitini cha shuga. Achimwene analozetsa foni yawo kudzenje, ife tinkaona, koma iwo sankationa kapena kutimva, ndipo netiweki inkangodukaduka. Mtsikana uja anabweranso tsiku limenelo ndi mphika waukulu wa mpunga wosakaniza ndi nyemba monga amaphikira kwawo. Mayi wina anamubwereka chitenje, ndipo anakhala pansi nafe atatambasula miyendo mpaka nyimbo zinatha. Palibe amene anamuzindikira kupatula mnzanga wa ku Zambia, amene tsiku limenelo anakwanitsa kusunga pakamwa.

Nditabwerera ku ntchito, nthawi ya shado ya mtsikana uja inali itatha. Tinkalemberana mwa apo ndi apo. Chaka chotsatira mwana wanga anafika, anayamba sekondale, ndipo pasanapite nthawi anayamba kundiyankha m'Chingerezi. Ndikamufunsa kuti wadya, ankangoti, "I'm fine, Mum," maso ali pa foni. Sankandichitira mwano, koma sankandiyandikiranso. Ndinkati ndi kuzizira kwa kuno, kapena zaka zimene tinakhala motalikirana.

Tsiku lina uthenga unabwera kuchokera kwa mtsikana uja wakuti filimu ija yatha. Ankandiitana ku London kuti ndikakhale nawo poionetsa koyamba, ndipo anawonjezera kuti ankafuna tikambirane kaye ndisanaionere. Sabata imeneyo tinali operewera pa ntchito, ndinali pa mashifiti otsatizana. Ndinamuyamikira, n'kumutumizira kachithunzi ka manja opemphera. Anandiimbira kawiri ndili pa ntchito, ndipo ndinati ndidzamuimbira ndikapuma.

Filimuyo itafika m'makanema a mu Birmingham, mnzanga wa ku Zambia anali atalengeza kale ku tchalitchi konse kuti mtsikana amene anakhala nafe pa maliro uja ndi katswiri wa mafilimu, ndipo mphunzitsi wake ndine. Loweruka lina masana tinakwera basi gulu lonse kupita m'tauni: ine, mwana wanga, mnzangayo, mayi abusa ndi amayi ena angapo. Ena aka kanali koyamba kulowa m'kanema wa kuno. Tinagula mbuliwuli, tinadzaza mzere wathunthu.

Poyamba tinkaseka. Mayi wa m'filimuyo ankagwira ntchito m'tauni ina ya m'mbali mwa nyanja, ndipo dziko limene anachokera silinatchulidwe. Koma atangotulukira m'khonde, dzanja limodzi lili pamsana, akukoka pang'ono mwendo wa kumanja, mayi abusa anandigunda ndi chigongono.

"Amayi, si inu awa?"

Ndinali ine. Ankabaya cholembera m'tsitsi ngati ine. Ankagogoda chitseko ndi chigongono manja akadzaza. Wina akamukwiyitsa ankakoka mpweya ndi mano monga ndimachitira. Anafika mpaka pokalipira mtsikana watsopano za zikhadabo, ndipo mnzanga wa ku Zambia anaseka mokweza mpaka mzungu wa kutsogolo anatembenuka. Kunena zoona ndinkanyada. Ndinasuzumira mwana wanga, nayenso ankamwetulira.

Kenaka panabwera chipinda, mkulu wokalamba ali pabedi, ndi mbale ya phala.

Mayi uja anapereka theka la supuni n'kuyang'ana pakhosi. Foni inanjenjemera m'thumba la yunifomu. Inasiya. Inayambanso. Ndinagwira mpando ndi manja onse awiri. Mumtima ndinkati ayi, sangachite zimenezo, apa asintha. Anaika mbale patebulo, anaima pakhomo, anamvetsera. Nkhope yake inadzaza khoma lonse la kanemayo. Ndipo m'holo yodzaza azungu, pakati pa Birmingham, ndinamva Chichewa chikutuluka m'masipika.

"Chabwino, ndamva."

Mayi uja anabwerera pampando, n'kupitiriza kudyetsa. Sanadule kanthu. Supuni iliyonse anaionetsa, ndi kupukuta pakamwa, ndi pilo, ndi kutsuka mbale. Ndinkadziwa kumene akupita ndipo ndinkafuna kuimirira n'kukuwa kuti zimitsani. Analowa mochapira muja, anakhala pansi, anavula nsapato ya kumanzere. Atayamba kulira, mawu anali anga, onse, mpaka pamene mawu anga anathethekera potchula mwana.

Zimene zinachitika m'filimuyo kuchokera pamenepo sindikuzidziwa. Ndinkangomva anthu akufwenthera mumdima. Magetsi atayaka ndinaona mayi wina wachizungu akupukuta m'maso, mwamuna wake akumusisita paphewa. Anthu ena anaomba m'manja. Amayi a ku tchalitchi palibe amene anandiyang'ana. Aliyense ankafunafuna chikwama chake pansi. Iwo anandiona ndikulira pa maliro, koma za m'chipinda chochapira ndinali ndisanauzepo munthu. Mnzanga wa ku Zambia anangonong'ona kuti, "Mayo, sininazibe."

Mpando wa mwana wanga unali wopanda munthu. Ndinakamupeza panja pa siteji ya basi, manja ali m'matumba a jekete. Tinakwera basi yosanja, tinakakhala m'mwamba kumbuyo. Basi itadutsa mashopu a m'tauni n'kuyamba kulowera kwathu, analankhula, ndipo analankhula m'Chichewa, chimene ndinali nditatenga miyezi osachimva pakamwa pake.

"Ine ndinalipo."

"Kuti?"

"Kuchipatala. Amalume anaika foni pa laudi kuti tonse timve. Munati chabwino ndamva, n'kudula."

Ndinatembenuka kumuyang'ana. Iye ankayang'ana pawindo.

"Anthu onse anamva. Azakhali anati kunja kumaumitsa anthu mtima. Mutandiimbira madzulo munkangondifunsa ngati ndadya, ngati ndili ndi juzi. Ndiye ine ndinkaganiza kuti simunalire."

Masiku amenewo ndikamaimbira mwanayu ndinkayamba ndasamba kumaso, n'kumwa madzi, kuti mawu anga asanjenjemere, poopa kumuwonjezera chisoni. Sindinaganizepo kuti iye akumva zina. Mwana anakhala nane m'nyumba imodzi nthawi yonseyi, tikudyera patebulo limodzi, akukhulupirira kuti mayi ake anamva za imfa ya agogo amene anamulera n'kungoti chabwino.

"Did you really take off your shoe?" anafunsa.

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anatsamira paphewa langa, ndipo tinapitirira siteji yathu osazindikira. Tinatsikira kutsogolo n'kubwerera wapansi.

Mtsikana wa mafilimu uja sindinamuimbire. Analemba kufunsa ngati ndaionera, sindinayankhe. Ku tchalitchi anthu anagawikana. Ena ankati wandilemekeza, ena ankati wandibera, ndipo bambo wina anandiuza kuti ndipeze loya. Ine sindinkadziwa kuti ndili mbali iti. Tsiku lina ndinkadzuka nditakwiya kwambiri, tsiku lina ndinkamva mwana wanga akuimba kubafa nyimbo ya kwaya imene agogo ake ankaikonda, mkwiyo n'kusowa pogwira.

Nyengo yozizira ili pafupi kutha, m'mawa wina ndinkakankha kangolo ka tiyi kulowa pabalaza la agogo ku ntchito. Wailesi yakanema inali yotsegula monga mwa masiku onse, ndipo ankaonetsa za mwambo wopereka mphotho kwa akatswiri a mafilimu umene unachitika dzulo lake ku London. Sindinkamvetsera. Ndinali nditawerama kuthirira agogo ena mkaka pamene ndinamva kumbuyo kwanga kuti, "Mayo ine!"

Mkaka unatayikira m'sosala. Pa maola onse a filimu ija, kachigawo kamene anasankha kuonetsa dziko lonse kanali komweko. Kenaka anaonetsa holo yaikulu, anthu ovala masuti akuda ataimirira kuomba m'manja, ndi mtsikana uja akukwera pa nsanja, atapambana mphotho ya mkazi wosewera bwino koposa. Ananyamula chikhocho. Anathokoza anthu ambiri amene sindiwadziwa, ndipo pomaliza anati pali mayi wina ku Birmingham amene mawa m'mawa adzakhala ali pa shifiti, ndipo zonse zimene anthu aziyamikira m'filimuyo ndi zake. Dzina sanatchule.

Ndinabwezera jagi pa kangolo. Anzanga awiri amene anali m'chipindamo anandiyang'ana n'kuyang'ana kumbali. Agogo ena aakazi, amene nthawi zambiri sakumbukira ngakhale kuti adya, analoza kanemayo n'kunena kuti, "Mtsikana uyo amayenda ngati iwe." Kenaka anapempha bisiketi.

Patapita milungu ingapo mtsikana uja anabwera yekha ku Handsworth, Lamlungu masana, atavala chipewa ndi jekete wamba. Ananyamula maluwa. Ndinamulowetsa, ndinamupangira tiyi, chifukwa mlendo ndi mlendo. Mwana wanga anamupatsa moni n'kukwera m'mwamba. Tinakhala kukhitchini.

Anayamba ndi kupepesa. Anati kachigawo kaja sikanali m'nkhani imene analemba eni filimu. Iye ndi amene anawafotokozera, n'kuwaumiriza kuti akaikemo, ndipo anafunafuna munthu wodziwa Chichewa kuti amukonze katchulidwe. Anati ankadziuza kuti ndinamuloleza, koma mumtima ankadziwa kuti chimene ndinaloleza ndi kuyala bedi. Ankayenera kubwera pakhomo pano asanajambule, osati kuimba foni zonse zitatha.

Ndinali ndi funso limodzi lokha limene linkandisowetsa tulo.

"Tsiku lija mochapira muja, pamene unandikumbatira, unkalira nane kapena unkaloweza?"

Anazunguza kapu patebulo.

"Zonse ziwiri," anatero. "Ndinkalira zoona. Koma mbali ina ya mutu wanga inkaona nsapato ija, inkamva mawu aja n'kumasunga. Sindimatha kuizimitsa. Ngakhale pa maliro a bambo anga inkaonerera."

Ndinali nditakonzekera kuti akana, ndipo ndinali ndi mawu okwanira oyankhira munthu wabodza. Izi sindinaziyembekezere. Munthu anakhala pa kapeti yathu atavala chitenje cha eni, akuimba nafe nyimbo zimene sankazidziwa, anali yemweyo amene ankatisunga m'mutu. Ndipo ankanena yekha, m'khitchini mwanga, nkhope ili yonyowa. Ndinadzipeza ndikuyang'ana misozi imeneyo n'kumadzifunsa ngati nayonso ikusungidwa.

Ndinamuuza za mwana wanga ndi zimene ananena m'basi. Sindinamuuze kuti ndimusangalatse, ndipo ndinamuchenjeza kuti asazitenge ngati chikhululukiro. Ndinati akadandifunsa ndikadakana, mwana wanga akadakhalabe ndi maganizo aja mwina mpaka kukula, ndipo zinthu ziwirizi sindikudziwa poziika. Ndinamuuzanso kuti zimenezi asakaziike m'filimu ina. Anati sadzatero. Anafunsa ngati ndikufuna kuti anthu adziwe dzina langa, popeza atolankhani ankamufunsa. Ndinati ayi, asayerekeze.

Pochoka ndinamuperekeza mpaka pageti. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, wa ku Jamaica nayenso, ankatulutsa zinyalala. Anamuyang'ana kamodzi, kawiri, kenaka anakuwa n'kugwetsa thumba. Anathamangira m'nyumba kukaitana ana ake aakazi, onse anatuluka ndi masilipasi, akulankhula nthawi imodzi. Anati filimu ija anaionera kawiri, ndipo pamene mayi uja anavula nsapato analira mpaka mutu kuwawa. Anapempha chithunzi. Mtsikana uja anandiyang'ana, ine ndinangokweza mapewa. Anavula chipewa, anaima pakati pawo, nkhope ija inasintha n'kukhala ya pa kapeti yofiira.

Mayi woyandikana nafe uja anandipatsira foni yake pamwamba pa mpanda.

"Tijambuleni, a neba. Muonetsetse kuti tonse talowa."

Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono mpaka onse anakwana, n'kuwajambula.